Yezani Mphamvu ya Injini ya Njinga Yamoto Musanaimasule

M'dera la Champhira, kumwera kwa boma la Mzimba, njinga yamoto ndi chuma cha banja. Ndiyo imanyamula mbatatesi, anyezi ndi tomato kuchoka kumadimba kupita kumsika wa Jenda, m'mphepete mwa msewu wa M1, ndiponso ndiyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala cha Embangweni. Ikayamba kufooka pachitunda, kuvuta kulira m'mawa kapena kutulutsa utsi wobiriwira, eni ake ambiri amafulumira kukamasulitsa injini yonse. Ndalama zimapita, masiku a kabaza amatayika, pamene mwina vuto linali laling'ono. Kuyeza kompulesheni kumathandiza kudziwa pamene pagona vuto musanagule chipangizo chilichonse.

Kompulesheni ndi kupanikizika kwa mpweya ndi petulo pamene pisitoni yakwera m'silinda. Kuti moto wa pulagi ubale mphamvu, mpweyawo suyenera kupeza pothawira. Pothawira pake n'patatu: pamaring'i a pisitoni, pamavalavu, ndi pagasiketi ya pamutu wa injini.

Zofunika pantchitoyi ndi sipanala ya pulagi, oyilo pang'ono ndi geji ya kompulesheni. Gejiyo si yofunika tsiku lililonse, choncho akabaza a pasiteji imodzi angathe kusonkherana n'kugula imodzi yobwerekana.

Kayezedwe kake n'kotere:

1. Lizani injini kwa mphindi zingapo kuti ifunde, kenaka izimitseni. Ikani njinga pafili ndipo tsekani mpopi wa petulo.
2. Pukutani fumbi lozungulira pulagi kuti lisagwere m'silinda, ndipo masulani pulagiyo mosamala chifukwa imakhala yotentha.
3. Bwezerani pulagi m'kapu yake n'kuigunditsa kuchitsulo cha injini, patali ndi bowo. Gwirani ntchitoyi panja, kutali ndi moto kapena fodya.
4. Mangani geji m'bowo la pulagi ndi manja okha, osalimbitsa kwambiri.
5. Onetsetsani kuti choki n'chosakoka, potokolani akiseleta mpaka kumapeto, ndipo pondani kiki mwamphamvu kangapo kufikira muvi wa geji utasiya kukwera.

Ambiri amaiwala kupotokola akiseleta. Akatero mpweya umalowa wochepa, ndipo injini yabwinobwino imaoneka ngati yotha.

Mlingo woyenera umalembedwa m'buku la njinga iliyonse. Injini zing'onozing'ono za 125cc ndi 150cc zikakhala zabwino, kawirikawiri zimafika pakati pa 120 ndi 180 psi. Muvi ukalephera kufika pa 100 psi, injini ili ndi vuto. Koma kumbukirani kuti kuno n'kokwera. Mbali yaikulu ya kumwera kwa Mzimba ili pamtunda woposa mamita 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Pamamita 300 alionse muvi umatsika ndi pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse. Motero njinga yoyezedwa ku Champhira ionetsa nambala yotsikirapo kusiyana ndi ikayezedwa ku Nkhata Bay, ngakhale ilibe chilema. N'chifukwa chake ndi bwino kuyeza njinga ikadali yamphamvu n'kulemba nambalayo m'kope, kuti mudzayerekezere nayo m'tsogolo.

Nambala ikatsika, thirani oyilo wokwana sipuni yaing'ono imodzi m'bowo la pulagi n'kuyezanso. Muvi ukakwera kwambiri, ndiye kuti oyiloyo watseka mipata ya maring'i: maring'i kapena silinda zaperepeseka, ndipo mpofunikadi makaniko. Muvi ukakhala pomwepo, vuto lili kumtunda, pamavalavu kapena pagasiketi. Zikatero yambani mwaonetsa matapeti. Akathina, valavu siitseka bwino ndipo mpweya umapulumuka. Kuwatchera ndi ntchito yaifupi yosafuna kugula pisitoni, koma kuwalekerera kumawotcha valavu.

Ngati geji palibe, chala chachikulu chingakupatseni chithunzithunzi. Injini ikazizira, tsekani nacho bowo la pulagi, mnzanu aponde kiki. Mpweya uyenera kukankha chalacho mwamphamvu. Njira imeneyi imangoulula injini yofooka kwambiri, siipereka nambala.

Chimene chimadya maring'i msanga kuno ndi fumbi la m'misewu yadothi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Fumbi likadutsa pafyuluta yong'ambika limapala silinda ngati mchenga. Tsukani kapena sinthani fyuluta kawirikawiri, sinthani oyilo pa nthawi yake, ndipo musasenzetse njinga katundu woposa mlingo wake.

Mukapita kwa makaniko muli ndi manambala awiri, ya poyamba ndi ya mutathira oyilo, mumakambirana naye za ntchito yodziwika ndi mtengo wake. Ndalama yotsalayo ingathandize pafeteleza kapena pafizi ya ana.