Zotsatira za Giredi 12 zikatuluka, werengani pepala musanagulitse ng'ombe

Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zimafika pa nthawi yovuta kwa mlimi. Kawirikawiri kabungwe koona za mayeso ka ECZ kamazitulutsa mu Januwale, pamene nkhokwe zatsika, udzu wakula m'munda ndipo kandalama kotsala kapita ku feteleza wobereketsa. M'midzi ya ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi nkhani imamveka mwacidule: mwana wa uje waphasa, wa uje wafeluka. Koma mau awiri amenewa sakwanira. Mabanja ena agulitsa ng'ombe yolimira kulipirira maphunziro amene mwana sanali woyenera kulowa, pamene ena akhazika pakhomo mwana amene anangosowa phunziro limodzi cabe.

Coyamba, inu makolo, ndi kuliona pepala lenilenilo. Uthenga wa pa foni ungakuuzeni msanga, koma khalani pansi ndi mwana pamodzi ndi mphunzitsi kapena munthu wa mu mphakati wodziwa za sukulu, muwerenge phunziro ndi phunziro. Pa mayeso awa nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Kuyambira 1 kufika 6 mwana wapeza kirediti kapena kuposa apo, ndipo 1 ndi 2 ndiwo apamwamba zedi. Nambala 7 ndi 8 ndi kuphasa cabe, pamene 9 ndi kufeluka. Mapointi amene ana amachula amapezeka pophatikiza manambala a maphunziro asanu ndi limodzi amene anacita bwino koposa, motero wa mapointi 10 waposa wa mapointi 20.

Satifiketi yathunthu imapatsidwa kwa mwana amene waphasa maphunziro asanu ndi limodzi, Cingelezi cili momwemo, ndipo ali ndi kirediti imodzi, kapena waphasa asanu pamodzi ndi Cingelezi ali ndi makirediti awiri. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kukhala ndi satifiketi sikutanthauza kuti khomo la koleji latseguka. Mayunivesite ndi makoleji a uphunzitsi ndi unesi amafuna makirediti asanu, ndipo Cingelezi sicisowa pa mndandanda. Ambiri amafunanso masamu, ndipo a zacipatala amaonjezera sayansi. Mwana angakhale ndi 3 mu maphunziro anai, koma ngati Cingelezi cili pa 7, kalata yomuitana siidzabwera.

Mwana wotere sanathe nzeru ai. Njira yake ndi mayeso a GCE, amene ECZ imalembetsa pakati pa caka kwa anthu amene sali pa sukulu. Salembanso maphunziro onse, koma okhawo amene anagwa, ndipo makoleji ambiri amalola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri. Cofunika kudziwa n'cakuti ngakhale boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kuyambira mu Januwale 2022, wolemba GCE amadzilipirira yekha, ndipo kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike, cimanga cisanalowe m'nkhokwe. Amene adikira ndalama za soya kapena nshawa adzapeza kaundula watsekedwa, caka cathunthu n'kupita. Mbuzi imodzi kapena nkhuku zingapo zogulitsidwa pa nthawi yake zingapulumutse caka cimeneco. Pitani ku sukulu imene ili malo olembera mayeso, mufunse tsiku lotsekera, ndipo mukalipira sungani risiti.

Kwa amene apeza makirediti asanu, nchito yangoyamba. Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1966, ya Copperbelt ku Kitwe ndi ya Mulungushi ku Kabwe sizibwera kudzafuna mwana kumudzi. Mwanayo ayenera kudzaza mafomu, ndipo malo amalimbirana ndi anzake a dziko lonse. Akalandira kalata yomuvomera, angapemphe thandizo ku kabungwe ka HELSB, kamene kanakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016. Makolo mudziwe kuti imeneyi ndi ngongole, siyaulere, ndipo idzabwezedwa akamaliza maphunziro. Pa zonsezi pamafunika khadi la NRC, motero mwana amene alibe akatenge msanga ku boma.

Kuno kum'mawa kulinso makomo apafupi. Ku Chipata kuli koleji ya aphunzitsi, ndipo sukulu za unesi zili pa cipatala cacikulu ca Chipata, pa St Francis ku Katete ndi pa Mwami. Wofuna za ulimi angayese NRDC ku Lusaka kapena makoleji a zaulimi a ku Monze ndi ku Mpika. Komabe banja lisayembekeze kuti nchito ya boma idzabwera tsiku lomaliza maphunziro. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali atakhala zaka ndi mapepala m'sutikesi. Otsala osatengedwa analinso ambiri.

N'cifukwa cake nchito za manja siziyenera kuonedwa ngati za ofeluka. Sukulu ya Chipata Trades ndi ya Ukwimi zimaphunzitsa luso pansi pa kabungwe ka TEVETA, ndipo maphunziro ena a kumeneko safuna makirediti asanu. Mudzi uliwonse umafuna womanga nyumba, mmisiri wa matabwa, wowocerera ngolo ndi pulawo zikathyoka, wokonza mjigo ndi woika magetsi a sola. Ndalama zimene mlimi amapereka kwa mmisiri wocokera ku tauni zikanatsala m'mudzi momwemo.

Palinso thumba la CDF. Mu 2022 ndalama za dera la phungu aliyense zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo gawo lina linapatulidwa kulipirira acinyamata osauka maphunziro a luso. Mafomu amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi kupita ku khansolo. Funsani khansala wanu kapena a komitiyo nthawi imene amalandira mafomu, pakuti thandizo limeneli silipita kwa munthu amene sanalembe.

Cenjezo lalikulu likhale pa makoleji amene amamera ngati bowa zotsatira zikangotuluka. Ena amalandira mwana aliyense, ngakhale wa makirediti awiri, malinga walipira. Patapita zaka zitatu banja limazindikira kuti pepalalo silidziwika kulikonse, ng'ombe itapita kale. Musanalipire ngwee imodzi, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa. Mayunivesite ndi makoleji amayang'aniridwa ndi Higher Education Authority, za luso ndi TEVETA, za unesi ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo mphunzitsi sagwira nchito popanda kulembedwa ndi Teaching Council of Zambia. Koleji yoona siikwiya mukaipempha kuti ikuonetseni cikalata cake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Cimodzimodzi munthu amene akuti angasinthe manambala pa pepala kapena kupezera mwana malo mukamupatsa kenakake, ameneyo ndi wakuba, ndipo pepala labodza lingamangitse mwana wanu.

Pakati pa zotsatira ndi koleji pamapita miyezi yambiri, nthawi zina caka. Apa ndi pamene anyamata amalowa m'mowa ndipo atsikana amauzidwa kuti sukulu yatha, akwatiwe. Mpatseni mwana ndime yakeyake kapena kadimba ka tomato ndi repu, ndipo zokolola zikhale za mafomu, ulendo ndi mabuku ake. Mtsikana amene ali ndi makirediti anai wangotsala ndi phunziro limodzi, musamulandirire malowolo m'malo mwa risiti ya GCE.

A mpingo nawonso ali ndi mbali yao. Parishi iliyonse ili ndi mphunzitsi, nesi kapena mlangizi wa zaulimi wopuma pa nchito. Lamulungu limodzi mapemphero atatha, anthu amenewa angakhale pansi pa mtengo ndi ana onse amene alandira zotsatira, kuwerenga nao mapepala ndi kulemba masiku otsekera. Sizifuna ndalama, koma benchi, colembera ndi maola awiri.