Cigamba ca pa seva: akatswiri asiye njira yobwerera

Mlimi wa ku Msanzala akalawira pa njinga kupita pa boma ku Petauke kukatenga fataleza, mau amene amaopa kumva kwa wogulitsa ndi akuti, "Sisitemu yagwa atate, bwerani mawa." Ambiri timaganiza kuti yabvuta ndi lamya ya wogulitsayo. Nthawi zina bvuto limakhala kutali, pa kompyuta yaikulu yochedwa seva. Maina a alimi a FISP amasungidwa pa makina otere, m'dongosolo la ZIAMIS limene linayamba mu 2017. Ndalama za pa lamya nazonso zimawerengedwa pa maseva.

Seva siigona. Pulogramu yake ikapezeka ndi colakwika, kapena ndi mpata umene mbala zingalowerepo, akatswiri amaikapo cigamba, kapulogramu kakang'ono kotseka pong'ambikapo. Cobvuta n'cakuti amasoka malaya mwini wake atabvala, pakuti anthu akali kutumiza ndi kulandira ndalama. N'cifukwa cake uthenga wakuti makina adzakonzedwa umachula nthawi ya usiku kawirikawiri.

Cigamba naco cimatha kung'amba malaya. Pa 19 July 2024 kampani ya ku America ya CrowdStrike inatumiza cigamba colakwika kwa makasitomala ake pa nthawi imodzi. A Microsoft anati makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni anagwa. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonezeka. Cigambaco anacibweza patapita mphindi 78 cabe, koma makompyuta ambiri amene anali atagwa kale anafunika munthu kuti awadzutse imodzi imodzi, ndipo nchitoyo inatenga masiku. Pambuyo pake kampaniyo inalonjeza kuti zigamba zotere izizitumiza pang'onopang'ono, kuyambira pa makina owerengeka.

Ife alimi izi sitifunika kuphunzitsidwa. Mbeu yacilendo timayamba taiyesa pa mizere yocepa, ya makolo ikali m'nkhokwe.

Koma kubwerera ku pulogramu yakale sikophweka monga kutapa mbeu m'nkhokwe, ndipo apa m'pamene pakukhudza thumba lanu. Pulogramu yatsopano nthawi zina imasintha kalembedwe ka kaundula, kotero kuti yakale ikabwezedwa siitha kuwerenga zimene inzake yalemba. Zikatero akatswiri amatenga kope la kaundula limene anasunga asanaike cigamba. Ngati kopelo ndi la usiku wathawu, ndipo inu munalipira K400 yanu m'mawa uno, dzina lanu lingaoneke ngati la munthu wosalipira, kufikira atafananitsa ndi mabuku a banki. Mvula siiyembekeza kuti iwo atsirize kufananitsa.

Ine kuona kwanga, oyang'anira makina a alimi asamaike zosintha zazikulu mu October ndi November, pamene anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba ali pa mizere ya fataleza. Mwezi wa June ulipo. Cigamba cotsekera mbala cokha ndico sicingadikire, koma naconso ayambe aciyesa pa seva ina yapadera, asunge kope, ndipo adziwiretu njira yobwerera asanakhudze ciliconse.

Inu alimi anzanga, musafafanize uthenga wa pa lamya wotsimikiza kuti mwalipira, ndipo risiti ya ku banki muisunge pamodzi ndi citupa canu. Akuluakulu a makopaletivu alembe nambala za marisitiwo m'buku, ndi tsiku lake. Makina akagwa muli pa mzere, musatumizenso ndalama kaciwiri musanaone ngati zoyambazo zacoka.