Mipeni ya Golide ya ku India: Ulemu Wovala M'chiuno

Ku Wallace Collection, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili pa Manchester Square mu mzinda wa London, kuli mpeni wopangidwa ku India kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Chigumbu chake ndi chagolide, chodzaza timiyala ta rube, emarodi ndi dayamondi. Woona koyamba angati kumeneku kunali kusakaza chuma basi, poti ndani angapite kunkhondo ndi chinthu chonyezimira chotere? Koma mipeni yamtunduwu inali ndi ntchito yake yolemera: mafumu a Mughal ankaigwiritsa ntchito poyendetsa ufumu ndi pomanga anthu awo kuti asawapandukire.

Mmodzi mwa mafumuwa, Jahangir, amene analamulira kuyambira 1605 mpaka 1627, analemba buku la zochitika za ulamuliro wake, ndipo mobwerezabwereza amatchulamo nduna ndi akuluakulu ankhondo amene iye anawapatsa mkanjo waulemu, kavalo kapena mpeni wokongoletsedwa ndi miyala. Wolandira mpeni ankausomeka palamba wansalu m'chiuno, chigumbu chili poyera, kuti bwalo lonse lidziwe kuti mfumu yamukonda. Monga litchowa m'dzanja la mfumu kwathu kuno silithera pa kuingitsa ntchentche, mpeniwo unkanena udindo wa mwini wake asanatsegule pakamwa. Ngakhale zipangizo zake zinkalengeza kutalika kwa dzanja la mfumu. Rube ankachokera ku Burma, dayamondi ku migodi ya ku Golconda, ndipo emarodi ankawoloka nyanja kuchokera ku Colombia, n'kulowa ku India kudzera mwa amalonda achipwitikizi a ku Goa. Amisiri ankamangirira miyalayo mwa luso lotchedwa kundan: ankayenga golide mpaka atafewa kwambiri, kenako n'kumamukanikiza pang'onopang'ono kuzungulira kamwala kalikonse popanda kuwotcherera ndi moto.

Wina angatsutse kuti zonsezi n'kukometsera dyera, poti chuma chogulira miyalayo chinkachokera ku msonkho wa alimi amene sanalowepo m'nyumba yachifumu. Zimenezo n'zoona, ndipo kukongola kwa mpeni sikufafaniza thukuta lawo. Komabe n'chifukwa chake sitiyenera kutenga mipeniyi ngati zokongoletsa wamba. Mpeni umodzi ukutionetsa mmene chuma chinkakwerera kuchoka kumunda kupita kwa mfumu, ndi mmene mfumu inkachigawiranso kwa anthu ochepa amene inkawadalira.

Funso lovuta ndi lakuti zida zotere zinafika bwanji ku London. Njira zake zinali zosiyana. Zina zinalandidwa pankhondo, monga katundu wa Tipu Sultan, mfumu ina ya ku India, pamene asilikali a Britain anagonjetsa mzinda wake wa Seringapatam mu 1799. Zina zinali mphatso zimene mafumu a ku India anapatsa kalonga wa ku Britain, Prince of Wales, pa ulendo wake wa ku India mu 1875 ndi 1876, ndipo zinanso zinagulidwa kwa amalonda a ku Ulaya. Malondawo sanathe: mu 2023 lupanga la Tipu Sultan linagulitsidwa ku kampani ya okushoni ya Bonhams pa mtengo wa mapaundi 14 miliyoni. Popeza tanthauzo la mpeni wotere linali pa amene anapereka ndi amene analandira, osunga zinthuzi ayenera kufotokozera alendo manja onse odziwika amene mpeni uliwonse unadutsamo, kuphatikizapo manja amene anaulanda.