Kasitomala si mbale wako

Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Mwambiwu anauiwala eni kampani ya Netflix ku America m'chaka cha 2011.

Nthawi imeneyo munthu ankalipira $9.99 pamwezi, n'kumabwereka mafilimu a DVD obwera pa positi komanso kuonera ena pa intaneti. Kampani ya Blockbuster, yomwe inkalimbana nawo, inali itagwa ndi ngongole mu 2010. Ndiye mu July 2011 a Netflix anagawa zinthu ziwirizi, chilichonse $7.99. Wofuna zonse azilipira $15.98. Katundu yemweyo, mtengo wakwera ndi 60 peresenti!

Anthu sanachite ndewu ayi. Ambiri anangowerengetsera: pa makina a Redbox, oikidwa m'masitolo, filimu inali dola imodzi usiku umodzi. Nanga woonera mafilimu anayi pamwezi alipiriranji $7.99? Pakutha pa September makasitomala 800,000 anali atachoka, ndipo bwana wa kampaniyo, Reed Hastings, anali atapepesa kale.

Inu amalonda, kukweza mtengo si tchimo, koma wogula aziona chomwe mwawonjezerapo. Inunso ophunzira, musanalembetse zolipira pamwezi, werengani mafilimu omwe mumaoneradi. Ndalama zanu sizinamange ukwati ndi kampani iliyonse.