Mlendo adze, koma munda usachoke m'manja

Ife a kunyanja, tikamapita ku Lilongwe kudzera ku Balaka, timaidziwa Mlangeni ndi mphepo yake yozizira. Malowa ali m'boma la Ntcheu, pa msewu wa M1, m'dera lomwe msewuwo ndiwo malire: mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi Angónia, m'dziko la Mozambique. Basi ikaima, amayi amathamangira pazenera ndi mabeseni a mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi. Timagula, n'kupitirira ulendo. Zonse zimene mlimi wapeza kwa ife zimathera pa beseni limodzilo.

Ulimi umenewu sukubweza monga kale. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo feteleza ndi mankhwala opopera mbewu, zomwe timaitanitsa kunja, zidakwera mtengo. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kuwonjezera apo, tomato ndi kabichi sizisungika ngati chimanga. Zikacha nthawi imodzi, wotchula mtengo amakhala wogula.

Kodi munda womwewo sungabale phindu lachiwiri? M'dziko muno alipo amene adayesa kale. Esiteti ya tiyi ya Satemwa ku Thyolo idayamba mu 1923, ndipo nyumba ya eni ake, Huntingdon House, lero ndi yogona alendo. Alendowo amayenda m'minda ya tiyi, kulawa tiyiyo ndi kugula wina wopita naye kwawo. Ku Lilongwe, malo ogona a Kumbali adamangidwa pa famu ya ng'ombe za mkaka. Konseku ulimi sudaleke. Mlendo amatsata mundawo, pakuti chipinda chokha angachipeze m'tauni iliyonse.

Mlimi wa ku Mlangeni alibe esiteti, koma alendo ali nawo pafupi. Msewu wa M1 sugona. Pamalopo pali sukulu yophunzitsa apolisi, ndipo tsiku lomaliza maphunziro abale amafika kuchokera kutali. Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Nkolimbo, m'boma lomwelo, pa mwambo wa Umhlangano. Chakumpoto, ku Dedza, kuli mapanga a Chongoni okhala ndi zojambula za makedzana, omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Onsewa amafuna pogona ndi chakudya.

Poyambira sipafunika nyumba yosanja. Zipinda ziwiri zaukhondo, madzi odalirika, chimbudzi chosamalika ndi mabulangete okwanira nyengo yozizira n'zokwana, bola mwini atenge chiphaso ku nthambi ya boma yoona zokopa alendo. Phindu lenileni lili kukhitchini. Kachewere amene akadagulitsidwa motchipa pamsewu akasanduka chipisi pa mbale ya mlendo, mlimi wadzigula yekha pa mtengo wabwino. Nkhuku, mazira ndi masamba nazonso zimapeza msika pakhomo pomwepo. Ndipo wapaulendo amene wapeza chakudya cha halaal ndi malo aukhondo oswalira, ulendo wina safunsanso njira.

Koma walira mvula walira matope. Alendo ali ndi nyengo yawo monga mbewu. Pali miyezi imene chipinda chimagona chokha. Amene wakongola ndalama zambiri, munda n'kuuika chikole, angataye zonse ziwiri. Amene wasiya khasu poyembekezera alendo adzayamba kugula pamsika chakudya chimene ankalima yekha.

Pa ichi, ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tili ndi umboni. Taona mabanja akugulitsa malo a m'mbali mwa nyanja kwa omanga malo ogona alendo. Ndalama idatha, mpanda udatsala, ndipo ana a eni nthaka adabwerera pamalo pomwepo ngati alonda ndi ochapa. Kwina ngakhale njira yopita kudooko idatsekeka. Chidatipweteka si kubwera kwa alendo ayi, koma kuti tidachoka pa umwini.

N'chifukwa chake tikuti kwa abale athu a kumapiri, ndi kwa ife tomwe amene tikadali ndi kachigawo ka gombe kapena dimba: tisagulitse. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake, tiyambire pamenepo. Wina akabwera ndi ndalama, tichite naye lendi ya zaka zowerengeka, yolembedwa pamaso pa mboni ndi mfumu, abale onse akudziwa. Timange pang'onopang'ono ndi zimene munda wabala.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Timulandire ndi manja awiri, timudyetse za m'munda mwathu. Akatsanzika m'mawa, ife titsale ndi munda woti tikalimemo.