Mmene nyenyezi zanga zinalekera kukhala zitumbuwa

Kwa miyezi isanu ndi itatu ndinkajambula zitumbuwa. Pakamwa ndinkati ndikujambula nyenyezi, koma m'mawa ndikatsegula laputopu ndinkapeza timadontho tonenepa, totupa m'mbali, ngati tangovuulidwa m'mafuta. Tsiku lina mayi a kunyumba anasuzumira pa sikirini n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi bambo, tulo tonse munataya tija, phindu lake ndi limeneli?"

Telesikopu yanga ndi yaing'ono, ya galasi la mamilimita 80. Vuto linali fokasi. Malo amene kamera iyenera kuima kuti nyenyezi ituluke yakuthwa ndi opyapyala ngati tsitsi limodzi, ndipo ine ndinkawasaka ndi zala zouma ndi chisanu cha mu Juni kuno ku Dedza. Ukangokhudza chopotokolera, telesikopu yonse imanjenjemera, nyenyezi n'kumavina. Udikire ikhazikike, upeze kuti wapitiriza. Ubwerere, wapitirizanso.

Ndinagula chivundikiro chokhala ndi timipata chimene Pavel Bahtinov wa ku Russia anatulukira mu 2005. Ukachiveka kutsogolo kwa telesikopu, nyenyezi yowala imatulutsa mizere itatu, ndipo wapakati ukakhala pakatikati ndiye kuti wapeza. Chinandithandiza, sindingachinyoze. Koma chimangokuuza za nthawi imeneyo basi. Usiku ukamazizira chitsulo cha telesikopu chimafupika pang'onopang'ono, ndipo fokasi ya 8 koloko madzulo ikafika 1 koloko yasamuka kale. Zithunzi khumi zoyamba zinkakhala zabwino, makumi anayi zotsatira za kudzala.

Kenako msuweni wanga pochokera ku Johannesburg anandibweretsera kabokosi kofiira kokwana m'dzanja, ZWO EAF. M'kati mwake muli kamota koyenda masitepe ang'onoang'ono owerengeka. Ndinachotsa chopotokolera chimodzi, kamota ndinakalumikiza pa kamtengo kachitsulo kamene kanatsala, ndinamanga zomangira zake, waya wa USB n'kulowetsa mu laputopu. Ntchito ya theka la ola, ngakhale kuti kaskuluu kamodzi kanagwera mu udzu ndipo tinakasaka banja lonse ndi tochi.

Pulogalamu yoyendetsa kamotako ndi N.I.N.A., yaulere. Chimene imachita ndi chimene ine sindikanatha: siyerekeza ndi maso, imayeza. Imasuntha kamota, ijambule, iyeze kunenepa kwa nyenyezi zonse za pa chithunzicho, isunthenso, ijambulenso, kasanu ndi kanayi. Nambala ya kunenepako amaitcha HFR. Timadontho ta miyesoyo timajambula chilembo cha V, ndipo pansi penipeni pa V ndi pamene pali fokasi.

Usiku woyamba V wanga anaoneka ngati njira ya nkhuku yoledzera. Cholakwa chinali changa. Sitepe ndinaika yaing'ono kwambiri, moti miyeso yonse inkafanana. Ndinaikulitsa mpaka nyenyezi za kumapeto kwa V zinkanenepa katatu kuposa za pakati. Chachiwiri chinali chimene amati backlash: mano a magiya ali ndi kampata, ndiye kamota kakatembenuka kubwerera, masitepe oyamba amangodya mphepo. Mankhwala ake ndi kuuza pulogalamu kuti izipitirira dala kenako izibwerera, kuti nthawi zonse izifika kuchokera mbali imodzi. Amene mukuyamba kumene, zinthu ziwirizi musazithamangire, zipatseni usiku wathunthu, makamaka wa mwezi wowala umene simungajambule kanthu kena.

Usiku wachitatu ndinadina batani. Kamota kanalira ngati udzudzu, zii, kulira, zii. Kadontho koyamba pamwamba kumanzere, kachiwiri pansi pake, kutsika, kutsika, kenako kukwera mbali inayo. V woongoka ngati wolemba mphunzitsi wa Sitandade 1! Ndinakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha.

Ndinaloza telesikopu ku Omega Centauri, kamtambo kotuwa kamene kumudzi kopanda magetsi kamaoneka ndi maso, kumtunda kwa Mtanda wa Kummwera. Ndi chimulu cha nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni. Kale pa zithunzi zanga chinkatuluka ngati chipande cha phala. Tsopano chinatuluka ngati shuga womwazika pa nsalu yakuda, kanjere kalikonse pakepake, tina tofiirira, tina tobiriwira ngati thambo, mpaka m'kati mwenimweni. Ndinakulitsa chithunzi, ndinakulitsanso, nyenyezi zili nyoo, zakuthwa ngati nsonga za singano.

Chokoma koposa chinabwera pambuyo. Kabokosi kaja kamayeza kuzizira, choncho ndinalamula kuti kukazizira ndi digiri imodzi, pulogalamu iziimitsa kujambula, ikonze fokasi, ipitirize. Ndinavundikira laputopu ndi beseni kuopa mame, ndinalowa m'nyumba 10 koloko, ndipo ndinagona ngati mwana wokhuta. M'mawa ndinapeza kuti yakonza yokha kanayi. Pa zithunzi 60 ndinataya ziwiri, ndipo zimenezo unaononga ndi mtambo.

Mayi a kunyumba anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, tiyi akuzizira m'manja. Kenako anati, "Bambo, chimenechi mukachapitse chachikulu, tichipachike pa balaza. Koma beseni langa mubweze."