Kodi mawu amayenda bwanji pa foni ya intaneti?

Ana inu, mukatumidwa ku kantemba kapena mukaperekeza amayi ku saluni muno mu Avondale, tcherani khutu eni bizinesi akamaimbira kasitomala. Ambiri sawononganso talktime. Amaimba pa WhatsApp ndi bandulo ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Akatswiri amati imeneyi ndi VoIP, kutanthauza mawu oyenda pa intaneti. WhatsApp inayamba kuimbitsa mafoni chonchi mu 2015.

Nanga mawu a munthu angalowe bwanji mu intaneti? Azakhali a pa saluni akati, "Bwerani mawa mudzalukitse," foni yawo imasandutsa mawuwo kukhala manambala, kenako n'kuwadula tizidutswa tating'onoting'ono, kawirikawiri 50 pa sekondi imodzi yokha! Kachidutswa kalikonse kamalembedwa adiresi ya komwe kakupita, komanso nambala yosonyeza malo ake pamzere.

Tizidutswati timayenda ngati maminibasi a pa Great East Road: onse akulowera m'tauni, koma ena amafika msanga, ena amachedwa pa Munali. Foni ya kasitomala imadikira kanthawi kochepetsetsa, imatisanja motsata manambala aja, n'kutibweza kukhala mawu a azakhali. Kamene kachedwa kwambiri kamangotayidwa, chifukwa macheza sangaime kudikira kachidutswa kamodzi. M'pamene mumamva wina akukuwa kuti, "Halo? Mukuduladuka! Bwerezaninso!"

Mabizinesi okulirapo pang'ono amapita patsogolo. Amakhala ndi nambala imodzi, koma imalira m'mafoni angapo: pa kauntala, pa kompyuta ya mu ofesi, ngakhale m'thumba mwa bwana amene wapita kukaoda katundu ku Kamwala. Mawu aja akuti "dinani 1" kapena "dinani 2" amachokera ku kompyuta yomwe imasankha woti ayankhe. Kale zoterezi zinkafuna mawaya ambirimbiri ndi chimakina chodula, zimene sitolo yaing'ono sikanakwanitsa.

Koma foni yotereyi ili ndi pofookera pake: imadalira magetsi ndi netiweki. Mu 2024 mvula itavuta, madzi anachepa m'damu la Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Rauta, kachipangizo kobweretsa intaneti m'sitolo, ikazima, foni ya pa kauntala nayo imangoti zii. N'chifukwa chake eni masitolo ena analumikiza rauta yawo ku batire kapena ku sola.